Thanki Imene Bambo Anatseka

Okondedwa achemwali anga,

Landirani moni kuchokera kwa ine mlongo wanu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Bondo la alamu lija lidakatupabe, kapena mankhwala aja anagwira ntchito? Nanga mtsikana wanu wamkulu mayeso anamuyendera bwanji? Kuno mlamu wanu ali bwino, ana ali bwino, kungoti wamng'onoyu chifuwa sichikumusiya. Ine thupi lilibe vuto. Vuto lili pena, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Mudabwa kuona kalata pamene timalankhulana pa foni pafupipafupi. Ndayesa pa foni, achemwali, koma mukangofunsa kuti kwagwanji, ine pakamwa pamangotuluka kuti kulibe. Kamlomo yemwe uja munkamutseka pakamwa ndi chikhatho alendo akabwera, lero mawu amuthawa. Ndiye ndaona kuti bola pepala, silingandiyang'ane m'maso. Ndapatsira dalaivala wa basi kuti ikupezeni bambo asanafike. Muiwerenge muli nokha, ndipo kaphukusi kali pamodzi ndi kalatayi muyambe mwakasunga.

Bambo anakuuzani pa foni kuti mutu wawo wayamba kusokonekera, n'chifukwa chake akufuna kudzakhala kwanu. Inu munalira, munapeza dokotala, ndipo munandiuza kuti ana mwawalangiza kale kuti azibisa machesi ndi mipeni, agogo akatuluka wina aziwatsatira. Ine ndinkangoti eya, eya, mwachita bwino. Achemwali, mutu wa bambo uli bwinobwino, uli bwino kuposa wangawu. Bodza limenelo ndinaliyambitsa ndine, iwo angolisenza.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndakuuzani ntchito yanga, chifukwa pabanja pathu sindinaifotokozepo bwinobwino. Nonse mumati ndine dokotala wa ng'ombe, ndipo bambo ndiye amalengeza kwa aliyense wowapatsa moni pamsewu. Sindine dokotala. Ndimabereketsa ng'ombe za mkaka popanda nkhunzi.

Mundikhululukire potchula izi kwa inu mlongo wanga, koma mu thanki imene ndimayenda nayo pa njinga yamoto ija muli umuna wa nkhunzi, woikidwa m'timachubu tating'ono ngati timapesi ta udzu. Mlimi akandiimbira kuti ng'ombe yake ikufuna nkhunzi, ndimapita, ndimavala pulasitiki mpaka paphewa, ndimalowetsa mkono kumbuyo kwa ng'ombeyo, ndipo ntchito ya nkhunzi ndimaimaliza ndine. Basi, ndalemba. Nkhope yatentha ngakhale ndili ndekha m'chipinda muno.

Kuti mbewuyo isafe, timachubuto timakhala m'madzi ena otchedwa nayitirojeni. Si madzi enieni, ndi mpweya womwe uli m'zimene tikupumazi, kungoti anauziziritsa mpaka unasanduka madzi. Kuzizira kwake ayezi sangafikeko n'pang'ono pomwe. Mukaviikamo tsamba, limatuluka likuphwanyika ngati galasi. Ndiye poti ndi ozizira choncho, kwa iwo ngakhale m'mawa wa chisanu ndi moto. Amawira nthawi zonse, pang'onopang'ono, kubwerera ku mpweya.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lita imodzi ya madziwo ikasanduka mpweya imafuna malo a malita pafupifupi mazana asanu ndi awiri. Alimi ndimawauza kuti botolo limodzi la lita limadzaza madiramu atatu ndi theka. N'chifukwa chake chitsekero cha thanki sichimanga, chimangokhala pakhosi gwedegwede, kuti mpweyawo uzipeza potulukira. Munthu akaitseka gwa thanki imeneyi, ndiye kuti wapanga bomba.

Zimenezi ndauza alimi ambirimbiri. Mlamu wanu ndinamuuza tsiku lomwe ndinabweretsa thanki kunyumba, ana ndinawauza, ndinauzapo ngakhale a Telala oyandikana nafe atabwera kudzabwereka pampu. Munthu mmodzi yekha amene sindinamuuze ndi bambo.

Thankiyo imayenera kukhala ku ofesi ya bungwe la alimi, koma ofesi ili kutali, ndipo ng'ombe ikafuna siidikira kuti munthu akatenge kaye makiyi. Ndiye ndinazolowera kuisunga m'kachipinda ka katundu kuseri kwa khitchini, momwe bambo amasungamo bokosi lawo la zitsulo.

Bambo mukuwadziwa. Chisiyireni ntchito ya mipopi, manja awo sanamvepo kuti mwini wake anapuma. Chibwerereni kuno amayi atatisiya, m'nyumba muno mulibe mpopi wodontha, mulibe chitseko cholira, ndipo msewu wathu wonse unawapatsa dzina loti a Sipanala, chifukwa sipanala yawo ija ya chigwiriro chofiira imakhala m'thumba la kumbuyo ngakhale akupita kukaona wodwala. Chinthu chikamadontha mtima wawo sukhala pansi. Mukukumbukira momwe ankatiitanira kuchokera kosewera kuti tidzatseke mpopi bwino? Sanasinthe.

Ndiye tsiku lina anandipeza ndikutsegula thanki, kautsi koyera kakutsikira m'mbali. Anafunsa kuti muli chiyani. Ndinangoti ndi mankhwala a ng'ombe ofuna kuzizira. Ndikanayamba bwanji kutchula umuna pamaso pa bambo wondibereka? Anagwedeza chitsekero ndi chala, nati amene anapanga thankiyi ndi wakuba, chifukwa chitsekerocho si saizi yake. Anati chinthu chozizira chimafuna kutseka bwino, ndikaone chitseko cha firiji chimene anachisintha mphira. Ndinaseka, ndinati zili bwino choncho.

Anabwereza kangapo masiku otsatira. Ine ndinkaopa kuti ndikayamba kufotokoza za chitsekero, funso lotsatira likhala la timachubu, ndiye ndinkangozemba. Tsiku lina ndili pa changu, mlimi akuimba foni osalekeza, bambo anayambanso za chitsekero chija. Ndinawayankha kuti zimenezi n'zakusukulu, azisiye. Anangopukuta manja pa thalauza n'kutuluka.

Cholakwa china n'chakuti ndinkadandaula pamaso pawo. Pa tebulo ndinkauza mlamu wanu kuti madzi a mu thanki akutha msanga, galimoto yobweretsa ena ikuchedwa, ndipo akatsika kwambiri mbewu yonse ya alimi ifa. Bambo ankangomwa tiyi wawo ali duu. Ine ndinkayesa sakumvetsera, osadziwa kuti m'mutu mwawo akujambula kale chochita.

Kenaka ku ntchito anatitumiza ku maphunziro ogonera komweko. Thanki ndinaisiya m'kachipinda muja. Mlamu wanu akuti nditangochoka bambo anayamba kugogoda zitsulo kuseri, anapita kwa owotcherera, anabwerako akuimba mluzu. Atawafunsa anati ndi chinsinsi, mwana wawo akabwera adzasangalala. Iye anangoganiza kuti akukonza njinga ya ana.

Ndinabwerako masana. Ndinawapeza bambo ali pakhonde, atameta ndevu, atavala shati yawo yoyera ija yoyendera. Chikwama sanandilole n'kutula komwe. Anandigwira dzanja ngati mwana n'kunditsogolera ku kachipinda kaja, akumwetulira mano onse ali pamtunda.

Achemwali, ntchito imene anagwira inali yokongola, ndisaname. Anadula mphira wa chubu cha tayala mozungulira bwino, anaika pakhosi pa thanki, pamwamba pake anaikapo chitsulo chafulati, n'kuchimangirira ku zigwiriro ziwiri za thanki ndi mabawuti. Anachipakanso penti kuti chisachite dzimbiri. Anati ndiike khutu ndimve ndekha, palibenso kampweya kothawa. Anati anayesa ndi madzi a sopo ngati momwe amayesera mapaipi a gasi, ndipo sipanatuluke kathovu ngakhale kamodzi.

Ndinafunsa kuti amanga liti, anati dzana. Kuyang'ana chitsulo chija, chinali chitayamba kupindika pakati, kutukumukira m'mwamba.

Ndinawakoka bambo mpaka anatsala pang'ono kugwa pa sitepe. Ndinakuwa kuti aliyense atuluke. Mlamu wanu anatuluka atanyamula wamng'ono uja, supuni idakali m'manja. Ndinagogoda kwa a Telala ndi kwa oyandikana nafe mbali inayo kuti nawonso atuluke. Posakhalitsa msewu wonse unadzaza anthu, ena atabwera ndi mipando yomwe ngati kuli mpira.

Ndinaimbira abwana anga, mayi uja ndinakuuzani kuti sakweza mawu. Tsiku limenelo anakweza. Anati pasapezeke woyandikira, pasapezeke wokhudza mabawutiwo, chifukwa womasulayo ndi amene chitsulo chiyambire kumumenya kumaso, ndipo mpweyawo ukadzaza m'kachipinda munthu amakomoka osamva fungo lililonse. Anati tingokhala kutali, iwo akuitana ozimitsa moto.

Ndikulankhula pa foni choncho, sindinaone kuti bambo achoka pambali panga. Anali atamva mawu oti mabawuti. Potembenuka ndinawaona akulowa pa geti, sipanala ili m'manja, akuyenda changu chawo chija akamapita kukakonza paipi yophulika. Ndinathamanga, ndinawagwira pakhomo la khitchini. Anati ndiwasiye, amanga ndi iwo, amasulanso ndi iwo, ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Tinalimbirana sipanalayo, ine ndi bambo anga, anthu akuonerera. Ndinawalanda, ndinaiponya kunja kwa mpanda, inakagwera mu ngalande ya madzi oipa.

Kuwalanda sipanala sindikudandaula, ndipo zitachitikanso ndingawalandebe. Chimene chikundidya ndi zimene zinatuluka pakamwa panga nditawakokera pamsewu. Ndinati ndi nkhalamba yosamva, yosaphunzira, yongodziwa zimbudzi. Ndinati manja awo ndi owononga. Ndinati m'nyumba mwanga asadzakhudzenso kanthu, ngakhale supuni. Ndinanena mokweza, achemwali, dala, kuti aliyense amve kuti wolakwa sindine. Mlamu wanu anandikoka malaya, ine osasiya. A Telala, amene bambo anawakonzera chimbudzi mvula ikugwa, anayang'ana pansi.

Bambo anaima pakati pa msewu mu shati yawo yoyera, manja ali lende, akuyang'ana ku ngalande.

Ozimitsa moto asanafike, chinthu chija chinaphulika. Phokoso lake ndinalimva m'mano. Chitsulo cha bambo chinaboola lata la denga n'kukagwera m'dimba mwa a Telala, zenera la khitchini linasweka, ndipo pansi pa chitseko panatuluka nkhungu yoyera mbee imene inayenda chokwawa pabwalo ponse mpaka pa geti. Azimayi analira mayo, agalu anauwa, kenaka kunangoti zii. Palibe anavulala, Mulungu ngwabwino.

Ndiye wina kumbuyo anaseka, nati a Sipanala lero atipangira bomba, ndipo anthu onse anafa nako kuseka, mwina pochotsa mantha. Kuyambira tsiku limenelo ana a mumsewu akawaona amakuwa kuti a Bomba.

Mwina mukuti apa ndiye pathera manyazi anga. Ayi achemwali, chachikulu n'chimene ndikuti ndilembe tsopano.

M'mawa mwake ku ofesi abwana anandikhazika pansi. Thanki yatha, mbewu ya nkhunzi zabwino imene alimi ankaidikira yafa yonse, ng'ombe zina nyengo yazidutsa. Za kusunga thanki kunyumba anati ankadziwa, ambiri timatero ngakhale sizoyenera. Funso lawo linali limodzi, loti kodi anthu onse a m'nyumba mwanga ndinawauza kuti thanki siitsekedwa. Anati ngati sindinawauze, nkhaniyi ipita kwa akuluakulu ndipo ntchito yanga ili pachiswe.

Ndinaganiza za ana, ndinaganiza za sukulu, ndinaona njinga ya bungwe ikulandidwa. Ndinati ndinawauza onse. Ndinati bambo ndinawauza kambirimbiri, kungoti ukalamba, mutu wawo masiku ano sukugwira, amaiwala zinthu. Mawuwo anatuluka mosavuta ngati ndinachita kuwakonzekera. Abwana anapumira m'mwamba, nati pepani, nawonso mayi awo anadwalapo matenda omwewo.

Sindinaganize kuti abwanawo abwera kunyumba. Anabwera kudzatenga zotsala za thanki, atanyamula malalanje a wodwala. Anapeza bambo pakhonde. Anakhala pafupi nawo, anawagwira dzanja, nayamba kuwalankhula pang'onopang'ono, mokweza, ngati momwe timalankhulira ndi kamwana kongophunzira mawu. Anawafunsa ngati akudziwa kuti lero ndi lachingati. Anawafunsa ngati akukumbukira kuti mwana wawo anawauza kuti thanki siitsekedwa. Anati asadandaule, kuiwala si mlandu.

Ine ndinali chiimire pakhomo, tiyi wa mlendo ali m'manja. Bambo anandiyang'ana. Sanayang'ane nthawi yaitali, koma anamvetsa zonse, ndinaona ndi maso angawa. Kenaka anatembenukira kwa abwana, nati n'zoona, mwanayu anawauza, koma mutuwu ukuwavuta masiku ano. Anafunsanso dala kuti kodi lero ndi Lachiwiri kapena Lachisanu. Bambo athu, achemwali, amene amakumbukira saizi ya paipi iliyonse imene anaika m'nyumba za anthu ife tisanabadwe! Ndinasowa poika nkhope.

Ntchito yanga inapulumuka, amene anatha ndi bambo. Bokosi la zitsulo analikankhira pansi pa bedi. Denga lobooka lija, limene kale akanalikonza dzuwa lisanalowe, anangoliyang'ana, mpaka ndinaitana munthu wina. Akafuna kutsegula wailesi amayamba afunsa mlamu wanu ngati angakhudze. Wina akabwera kudzawaitana kuti mpopi wavuta, amamuuza kuti wasochera, a Sipanala anasamuka. Amangokhala pakhonde manja ali pamiyendo, ndipo manjawo ayera, m'zikhadabo mulibenso girisi. Chibadwire sindinawaonepo manja a bambo ali oyera choncho.

Tsiku limene anakuimbirani ndinali m'chipinda chapafupi, ndinamva zonse. Ndinamva akukuuzani kuti mutu wayamba kuwasokonekera, ndinamva inu mukulira kumeneko. Ndikanatuluka n'kulanda foniyo, poti kulanda zinthu m'manja mwawo ndiye ndinaonetsa kuti ndimatha. Sindinatuluke. Mlamu wanu anandipeza nditangokhala pa bedi, nati iye anakwatiwa ndi munthu wolongolola, osati wamantha, ndiye ngati wolongolola uja wasowa auzidwe. Chakudya anandiikira pa tebulo osandiitana.

Ndinapirira pang'ono, kenaka ndinalephera. Ndinabwerera kwa abwana n'kuwauza zoona. Anandiyang'ana ngati ndaponda zonunkha, ndipo sindikuwaimba mlandu, poti munthu anatchula mayi ake odwala pondimvera chisoni. Anandipatsa chenjezo lomaliza, njinga andilanda kaye, panopa ndikutsuka zigubu za mkaka ku ofesi. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, n'zondiyenera.

Kuchokera kumeneko ndinakakhala pafupi ndi bambo pakhonde, ndinawauza zonse zimene ndakulemberanizi. Ndinatchula umuna, ndinatchula mkono, ndinafotokoza za madzi owira ali ozizira. Nditafika pa madiramu atatu ndi theka, maso awo anawala pang'ono ngati kale. Anafunsa kuti mu thanki munali malita angati. Nditawauza anawerengera pa zala, nagwedeza mutu, nati ndiye kuti anatsekera madiramu odzaza lole m'kachinthu kolekeza m'mawondo.

Anati ndiye kuti n'chimodzimodzi giza wotenthetsa madzi osamba, amene moyo wawo wonse akhala akukalipira anthu kuti asamatseke kapaipi kake kopumira. Anati iwo ankadziwa kuti chotentha ndi chimene chimafuna popumira, za chozizira sanamvepo, koma ndikanangonena mawu awiri okha akanamva.

Ndinati ndinkachita manyazi kutchula zinthu zotere pamaso pawo. Anandiyang'ana modabwa zenizeni. Anati iwo akhala akupisa mkono m'zimbudzi za anthu mpaka paphewa zaka zonsezi kuti ine ndipite kusukulu, ndiye ndi mawu ati amene akanawagwetsa pansi? Anati akanadziwa kuti nanenso ndimadyera mkono, bwenzi akunyada kuposa za udokotala zija, chifukwa bwenzi akuti mwanayu anatengera iwo.

Ndinalira, achemwali, munthu wamkulu wa ana ake, pakhonde, anthu akudutsa. Ndinapepesa za mawu a pamsewu aja, ndinapepesa za bodza lija, ndinati ku ntchito ndakaulula. Anati ndachita bwino, nkhani yatha. Koma anawonjezera kuti kaya ndinawauza kaya sindinawauze, womanga mabawuti ndi iwo, ndipo adzukulu awo ankadyera kuseri kwa khoma lomwelo. Anati munthu amene wachita zotere ayenera kuyamba kudzikayikira. Apa ndiye ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti bodza langa ayamba kulikhulupirira eni ake.

Ndinayesa nzeru ina yopusa. Ndinamasula dala mpopi wa kunja kwa khitchini kuti uzidontha. Unadontha tho, tho, tho, ine ndikusuzumira pa zenera. Bambo anafika, anaima, anamvetsera. Ndinaona zala zawo zikuyenda zokha. Kenaka anatenga beseni n'kuika pansi pake, ndipo likadzaza amakathirira maluwa. Anatuma mlamu wanu kuti andiuze kuti mpopi wotha washala, kamphira ka mkati kaja, sudontha choncho, ndisamawayese mwana.

Ndiye akubwera kwanuko. Ndawachonderera kuti akhale, akana. Akuti mumsewu muno dzina lawo linasintha, ndipo sakufuna adzukulu azikula akumva agogo awo akutchedwa a Bomba. Sindingawakakamize. Bokosi la zitsulo akuti alisiya, ndiwapatse a Telala kapena aliyense wolifuna. Sindipatsa munthu, lili pomwepo pansi pa bedi.

Tsopano pempho langa. Kwa dokotala musapite nawo. Akangowakhazika pa benchi n'kuyamba kuwafunsa kuti lero ndi lachingati, ndiye kuti tawataya. Machesi bwezerani pamalo pake, mipeni bwezerani. Ana auzeni kuti amalume awo ndi amene ananama, muwauze mosapsatira, ine ndilibenso ulemu woti ndiziuteteza. Asamawatsatire agogo awo akatuluka. Ine mundikalipire mmene mungafunire, foni ndiyankha ndipo sindidula.

China ndi chimbudzi chanu chija. Nditabwera ulendo watha chinkataya madzi osalekeza, alamu atamanga chogujumulira ndi waya, ndipo ngati alamu anga ndikuwadziwa bwino, wayayo adakalipo. Musaitane munthu wokonza. Ngati munamuitana kale, muuzeni asabwere. Musachite kuwononga china dala ngati ine, adzazindikira nthawi yomweyo. Pakufunika chowonongeka chenicheni, ndipo m'nyumba mwa alamu, pepani, zoterozo sizisowa.

Musawapemphe atangofika. Apatseni chipinda choyandikana ndi bafa, azimva okha madziwo akutayika. Kenaka tsiku lina muzidandaula panokha, osayang'ana iwo, kuti madzi akungopita pachabe ndipo mwasowa chochita. Alamu muwauze asaonetse ukatswiri wawo, angovomera kuti zawakanika.

M'kaphukusimo muli sipanala ija. Ndinalowa mu ngalande n'kuifufuza ndi manja m'matope, ana a mumsewu akundiseka, ndipo sindinawathamangitse. Ndaitsuka, ndaipaka mafuta, kungoti chigwiriro chofiira chinang'ambika pang'ono pamene inagunda simenti. Ndinayesa kuwabwezera, anati ndiisunge, mwini nyumba ndine. Ndiye musawapatse m'manja, akana. Ingoiikani pa zenera la ku bafa, pamene munthu akaima maso angagwerepo, ndipo musanene kuti yachokera kuti. Adzaidziwa okha.

Mwina sadzaikhudza. Zimenezo ndaziganizira, ndipo zikadzatero ndiye kuti manja a bambo ndinawadula ndine ndi kamlomo kangaka. Koma tsiku lina mukadzamva chitsulo chikugogoda ku bafa, ndi mluzu wawo uja wosadziwika nyimbo yake, chonde achemwali ndiimbireni nthawi yomweyo, ngakhale ndikhale ndili m'khola la munthu. Musawauze, musawapatse foni. Mungoiika pansi pafupi ndi chitseko, ine ndimvetsere.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti za waya zija ndanena mwachikondi. Moni kwa ana onse. Mlamu wanu akupereka moni, ndipo akuti ndikuuzeni kuti bambo masiku ano tiyi amamwa wopanda shuga, mapiritsi awo awaika m'thumba la kumanzere la chikwama. Mulungu akusungeni nonse, awafikitse bambo bwino, ndipo inu akupatseni mtima umene ine unandisowa.

Ndine mlongo wanu wogwidwa ndi manyazi,
Kamlomo